Mbiri ya RNA Yaitali Yosapanga Puloteni ndi Ulamuliro Wake pa Majini

Thupi la munthu limayamba ndi selo limodzi lokha, ndipo pafupifupi maselo onse ochokera ku selo loyambalo, kaya ndi a mu ubongo, a m'chiwindi kapena a pakhungu, amalandira DNA yofanana, womwe ndi ulusi wautali wosunga malangizo a chibadwa, olembedwa ndi zilembo zinayi za makemikolo zimene asayansi amazitchula kuti A, C, G ndi T. Chigawo cha ulusiwu chimene chimasunga malangizo a chinthu chimodzi chimatchedwa jini, ndipo poti selo la mu ubongo ndi selo la m'chiwindi ali ndi majini omwewo koma ntchito zawo n'zosiyana kwambiri, kusiyanako sikungachokere pa majini amene selo lili nawo, koma pa majini amene latsegula ndi amene latseka. Funso la chimene chimatseka ndi kutsegula majini lasautsa akatswiri a zamoyo kwa zaka zambiri, ndipo mbali ina ya yankho lake inaoneka pokhapokha atavomereza kuti RNA, imene ankaiona ngati mthenga wamba, nayonso ili ndi ulamuliro wake.

RNA ndi ulusi umene selo limakopera kuchokera ku DNA, ndipo mtundu wake wodziwika kwambiri ndi umene umanyamula malangizo kuchoka m'phata la selo, lotchedwa nyukiliyasi, kupita kumene mapuloteni amapangidwira. Ziliponso RNA zina zimene sizipanga puloteni iliyonse, ndipo zikapitirira zilembo 200 m'litali zimatchedwa RNA zazitali zosapanga puloteni, dzina limene m'mabuku a sayansi limafupikitsidwa kuti lncRNA. Mbiri ya RNA zoterezi siingalekanitsidwe ndi mbiri ya kromatini, yomwe ndi DNA pamodzi ndi mapuloteni amene imakulungidwapo, chifukwa DNA ya selo limodzi la munthu ndi yaitali pafupifupi mamita awiri, pamene nyukiliyasi imene imaisunga m'mimba mwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita. Ulusi wotere uyenera kupindidwa, ndipo kapindidwe kake n'kamene kamachititsa kuti jini ina iwerengeke pamene ina yabisika, monga mmene mphasa yoyala imakhalikira pamene yokulunga ingoimikidwa pakhoma.

Kadontho ka mu selo la mphaka

Dzina lakuti kromatini linaperekedwa ndi Walther Flemming, katswiri wa ku Kiel m'dziko la Germany, amene cha m'ma 1880 anaona kuti mu nyukiliyasi muli chinthu chimene chimamwa utoto kwambiri ndipo chimadzisonkhanitsa kukhala timitolo pa nthawi imene selo likugawikana, timitolo timene pambuyo pake tinatchedwa makromozomu. M'chaka cha 1928 Emil Heitz, pofufuza maselo a tizomera tating'ono ta m'malo a chinyontho, anasiyanitsa mitundu iwiri ya kromatini, wina womasuka umene anautcha yukromatini ndi wina wothithikana umene sumasuka ngakhale selo litamaliza kugawikana, umene anautcha heterokromatini, ndipo iye anaganiza kuti mtundu wachiwiriwu ndi wa majini osagwira ntchito.

Chitsanzo chachikulu cha kromatini yothithikana chinapezeka mu 1949 ku yunivesite ya Western Ontario m'dziko la Canada, kumene Murray Barr ndi wophunzira wake Ewart Bertram, poyang'ana maselo a minyewa ya amphaka pa maikulosikopu, anaona kadontho kakuda mu nyukiliyasi ya amphaka aakazi kamene sikankapezeka mwa aamuna. Patapita zaka khumi, mu 1959, Susumu Ohno anasonyeza kuti kadonthoko ndi kromozomu imodzi ya X yokulungidwa zolimba. Nyama zoyamwitsa zazikazi zili ndi makromozomu awiri a X, pamene zazimuna zili ndi X imodzi ndi Y imodzi, ndipo poti X ya munthu ili ndi majini opanga mapuloteni oposa 800 pamene Y ili ndi osakwana 100, pakanakhala kuti palibe njira yolinganizira, selo lachikazi likanapanga mapuloteni a X owirikiza kawiri a selo lachimuna.

Amene analumikiza zidutswa zimenezi anali Mary Lyon wa ku Harwell m'dziko la England, amene mu 1961, potengera mawanga a ubweya wa mbewa zazikazi, anafotokoza kuti mluza ukadali waung'ono selo lililonse limatseka X imodzi, nthawi zina ya kwa mayi ndipo nthawi zina ya kwa bambo, ndiponso kuti maselo onse obadwa kuchokera ku selolo amasunga chisankho chomwecho moyo wonse. Ichi n'chifukwa chake mphaka wa mawanga akuda ndi ofiirira amakhala wamkazi pafupifupi nthawi zonse, popeza jini ya mtundu wofiirirawo ili pa X ndipo banga lililonse ndi mbumba ya selo limodzi. Mu 1962 Ernest Beutler ndi anzake anapeza zofananazo mwa anthu pofufuza enzaimu ya G6PD, puloteni imene imateteza maselo ofiira a magazi ndipo jini yake ili pa X. Kuperewera kwa enzaimu imeneyi n'kofala m'mayiko a malungo, kuphatikizapo a kumwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo mayi amene analandira jini yolakwika kuchokera kwa kholo limodzi amakhala ndi magulu awiri a maselo ofiira, ena olimba ndi ena amene angasweke akamwa mankhwala monga primaquine. Motero pofika 1962 zinali zodziwika kuti selo lingatseke kromozomu yathunthu n'kusiya inzake yofanana nayo ikugwira ntchito mu nyukiliyasi yomweyo, koma chimene chinkasiyanitsa ziwirizo sichinadziwike kwa zaka zina pafupifupi 30.

Zaka zimene RNA inali mthenga chabe

Kuchedwa kumeneku kunachokera pa chiphunzitso chimene chinali cholondola koma chosakwanira. Francis Crick atalongosola mu 1958 kuti malangizo a chibadwa amayenda kuchoka ku DNA kupita ku RNA kenako ku puloteni, ndiponso RNA yonyamula uthenga itatsimikizidwa mu 1961, ambiri anazolowera kuganiza kuti ntchito yeniyeni ndi ya puloteni ndipo RNA ndi njira yongodutsamo. François Jacob ndi Jacques Monod a ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris, pofotokoza mu 1961 mmene bakiteriya amatsekera majini ake, analingalira kuti chotsekeracho chingakhale RNA, koma mu 1966 Walter Gilbert ndi Benno Müller-Hill atachipatula anapeza kuti ndi puloteni, ndipo kuyambira pamenepo ofufuza ambiri ankafunafuna mapuloteni okha.

Zizindikiro zotsutsa zinalipo ndithu. M'zaka za m'ma 1960 ofufuza monga James Darnell ndi Sheldon Penman ku America ndi Georgii Georgiev ku Moscow anapeza kuti mu nyukiliyasi muli RNA zazitali zambiri zimene mbali yake yaikulu situluka kunja, ndipo mu 1969 Roy Britten ndi Eric Davidson analemba m'magazini ya Science kuti zamoyo zazikulu zingakhale kuti zimagwirizanitsa majini ake kudzera mu RNA zolamulira. Maganizo amenewa analibe njira yowayesera pa nthawiyo, ndipo mu 1972 Ohno yemwe uja anatchukitsa mawu otcha DNA yosapanga puloteni kuti zinyalala. Richard Roberts ndi Phillip Sharp atapeza mu 1977 kuti jini imalembedwa m'zidutswa ndipo selo limadula zigawo zapakati n'kulumikiza zotsalazo, zinaoneka ngati chinsinsi cha RNA ya mu nyukiliyasi chatha, chifukwa yambiri inkaoneka ngati mankhusu otsala pamene chimanga chapetedwa.

M'zaka zomwezo mamangidwe a kromatini anayamba kumveka. Mu 1974 Roger Kornberg anafotokoza kuti DNA imazungulira kamulu ka mapuloteni asanu ndi atatu otchedwa mahistoni, ndipo kamulu kalikonse pamodzi ndi zilembo pafupifupi 147 zokulungidwapo kamatchedwa nyukiliyosomu, moti kromatini ikatambasulidwa imaoneka ngati mikanda yotungidwa pa ulusi. Vincent Allfrey anali atasonyeza kale mu 1964 kuti mahistoni amamatidwa tizizindikiro ta makemikolo, monga acetyl, kamene kamayendera limodzi ndi majini otseguka, ndipo mu 1975 Arthur Riggs anaganiza kuti chizindikiro cha methyl choikidwa pa DNA yeniyeniyo chingakhale chimene chimasunga X yotsekedwa kuti isatsegukenso. Panali vuto limodzi lokha limene mapuloteni sakanalithetsa mosavuta: puloteni imapangidwa kunja kwa nyukiliyasi ndipo ikalowamo imayandama ponseponse, choncho singadziwe payokha kuti mwa makromozomu awiri ofanana zilembo ndi iti yoyenera kutsekedwa.

H19 ndi Xist

Jini yoyamba imene inakakamiza asayansi kuganiza mwatsopano inali H19, imene gulu la Shirley Tilghman linaipeza mu 1984 m'chiwindi cha ana a mbewa osabadwa. RNA yake inali yambiri ndipo inali ndi maonekedwe onse a RNA yonyamula uthenga, koma puloteni yake sinapezeke, ndipo mu 1990 gululo, lomwe pa nthawiyi linali ku Princeton, linalemba mosamala kuti mwina chinthu chimene jiniyi imapanga ndi RNA yomweyo basi. Chaka chotsatira Marisa Bartolomei ndi Tilghman anasonyeza kuti H19 imawerengedwa pa kromozomu yochokera kwa mayi yokha.

Mu January 1991 Carolyn Brown ndi Huntington Willard, ali ku yunivesite ya Stanford, analengeza za jini imene inkachita zosemphana ndi majini ena onse a pa X, chifukwa inkawerengedwa pa X yotsekedwa yokha ndipo inali pamalo enieni amene akatswiri a chibadwa anali atawadziwa kale kuti ndiwo gwero la kutsekedwako. Anaitcha XIST, chidule cha mawu a Chingelezi otanthauza RNA yokoperedwa pa X yosagwira ntchito yokha, ndipo m'chaka chomwecho magulu a Sohaila Rastan ndi Neil Brockdorff ku Britain ndi a Andrea Ballabio ku Houston anapeza inzake ya mbewa. Mu 1992 zinadziwika kuti RNA imeneyi ili ndi zilembo pafupifupi 17,000 mwa munthu ndi 15,000 mwa mbewa, kuti ilibe malangizo omveka a puloteni, ndiponso kuti situluka mu nyukiliyasi. Mu 1996 Christine Clemson ndi Jeanne Lawrence, poipaka utoto wowala, anaona kuti imakuta kromozomu yonse imene yachokerako ngati mtambo, osadumphira pa kromozomu ina, ndipo chaka chomwecho gulu la Brockdorff linasonyeza kuti X imene jini yake ya Xist yawonongedwa singatsekedwe.

Apa m'pamene vuto lija la mapuloteni linathera. RNA imabadwira pa kromozomu yeniyeniyo, imakhala yolumikizidwa nayo pamene ikukoperedwa, ndipo ikapanda kuchokapo imakhala chizindikiro cha malo chimene puloteni yoyandama ingatsatire. Mu 1999 Jeannie Lee anapeza mwa mbewa RNA ina imene imakoperedwa pamalo omwewo koma molowera kwina, imene anaitcha Tsix potembenuza zilembo za dzina la Xist, ndipo ntchito yake ndi kuletsa Xist pa X imene iyenera kukhala yotseguka. Anton Wutz ndi Rudolf Jaenisch anasonyeza mu 2000 kuti Xist ikaikidwa pa kromozomu ina imaitsekanso, kuti m'masiku oyambirira kutsekako kungabwezedwe RNA ikachotsedwa, koma kuti maselo akakhwima kutsekako kumakhazikika ngakhale Xist itazimitsidwa. Mu 2002 anapezanso kuti kachigawo kobwerezabwereza ka kumayambiriro kwa RNA imeneyi, kotchedwa A, kakadulidwa, RNA imakutabe kromozomu koma majini satsekeka, kusonyeza kuti ulusi umodziwu uli ndi zigawo za ntchito zosiyana. Mu 2003 magulu awiri anaona kuti X imene yakutidwa ndi Xist imadzaza ndi mapuloteni a Polycomb, amene anadziwika koyamba mu ntchentche za zipatso, ndipo kagulu kawo kotchedwa PRC2 kamamata ma methyl atatu pamalo a 27 a histoni H3, chizindikiro cha kromatini yotsekedwa.

Njira yomweyo m'zamoyo zosiyana

Zinadziwika posakhalitsa kuti Xist siili yokha. Mu 1984 magulu a Azim Surani ndi a Davor Solter anali atasonyeza kuti mluza wa mbewa sungakule popanda makromozomu a mayi ndi a bambo omwe, chifukwa majini ena amawerengedwa kuchokera kwa kholo limodzi lokha, ndipo ambiri mwa majini otere anapezeka ali m'timagulu tokhala ndi lncRNA pakati pake. Denise Barlow ndi anzake anasonyeza mu 2002 kuti RNA yotchedwa Airn, ya zilembo zoposa 100,000, ikafupikitsidwa, majini atatu oyandikana nayo pa kromozomu ya bambo, kuphatikizapo Igf2r, amatseguka. RNA ina yotchedwa Kcnq1ot1 imachita zofanana, ndipo mwa anthu kusokonekera kwa dera lake pa kromozomu 11 ndi chimodzi mwa zoyambitsa matenda a Beckwith-Wiedemann, amene amachititsa mwana kukula mopitirira muyeso.

Ntchentche za zipatso zinasonyeza kuti lncRNA si yotseka kokha, chifukwa mwa izo yaimuna ndiyo imalinganiza pokweza kawiri ntchito ya X yake imodzi, ndipo RNA ziwiri zotchedwa roX1 ndi roX2, zimene zinafotokozedwa mu 1997, zimakuta X imeneyo pamodzi ndi mapuloteni amene amamata acetyl pa histoni H4. Mu 2006 Laurent Duret ndi anzake ku France anapeza kuti Xist inachokera ku jini yakale imene inkapanga puloteni koma inasiya, ndipo mu 2012 gulu la James Turner ku London linapeza kuti nyama zolerera ana m'thumba la pamimba, monga opossum, zilibe Xist koma zili ndi RNA ina yosagwirizana nayo konse, yotchedwa Rsx, imene imakutanso X. Ngakhale m'zomera, gulu la Caroline Dean ku John Innes Centre mumzinda wa Norwich linafotokoza mu 2009 za RNA yotchedwa COOLAIR, imene imachuluka nyengo yozizira ikayamba ndipo imathandiza kuzimitsa jini ya FLC yoletsa maluwa m'kachomera ka Arabidopsis. Kuti zamoyo zotalikirana chonchi zinafika pa njira imodzi, chilichonse pachokha, ndi umboni wakuti RNA ili ndi kanthu kamene puloteni ilibe pa ntchito yozindikiritsa malo.

Kusefukira kwa zaka za m'ma 2000

Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 RNA zoterezi zinkawerengeka ndi zala ndipo zinkaonedwa ngati zachilendo. Ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, imene zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 2001, inasonyeza kuti zilembo zopanga mapuloteni sizikwana 2 peresenti ya zilembo zoposa 3 biliyoni, ndipo chiwerengero cha majini opanga mapuloteni chinatsika mpaka pafupifupi 20,000. Mu 2002 Philipp Kapranov ndi Thomas Gingeras anapeza kuti makromozomu 21 ndi 22 amatulutsa RNA yochuluka kwambiri kuposa imene majini odziwika angafotokoze, ndipo ntchito ya FANTOM, yotsogozedwa ndi bungwe la RIKEN ku Japan, inapeza RNA zosapanga puloteni zikwizikwi mwa mbewa mu 2002 ndi mu 2005. Pofika 2012 ntchito ya ENCODE inanena kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a DNA ya munthu amakoperedwa kukhala RNA mu selo lina kapena linzake, ndipo kaundula wa GENCODE wa chaka chomwecho anali ndi majini 9,277 a lncRNA.

Mu 2007 John Rinn ndi Howard Chang a ku Stanford anafotokoza za HOTAIR, RNA ya zilembo pafupifupi 2,200 yochokera pa kromozomu 12 pakati pa majini a HOX, amene amauza selo mbali ya thupi imene lili, ndipo ananena kuti imatenga PRC2 n'kukatseka majini ena a HOX pa kromozomu 2. Ngati zinali choncho, ndiye kuti lncRNA ingagwire ntchito kutali ndi kumene yabadwira. Mu 2009 Mitchell Guttman, Rinn ndi Eric Lander anapeza majini a lncRNA oposa 1,000 mwa mbewa pongoyang'ana zizindikiro za pa mahistoni, ndipo kafukufuku wina wa chaka chomwecho ananena kuti pafupifupi imodzi mwa zisanu za lncRNA za munthu imamatirira ku PRC2. Panabadwa chithunzi chokopa chakuti lncRNA iliyonse ndi mlondola njira amene amatsogolera mapuloteni ku jini yake, ndipo kwa zaka zingapo chithunzi chimenechi chinkaperekedwa ngati lamulo.

Kupeta

Sayansi imakula pamene zonena zake zayesedwa ndi anthu amene sanazikhulupirire, ndipo nkhani ya lncRNA inapindula kwambiri ndi otsutsa. Kevin Struhl wa ku Harvard analemba mu 2007 kuti enzaimu yokopera DNA imayamba ntchito molakwika m'malo ambiri, choncho kupezeka kwa RNA pakokha sikutsimikiza kuti ili ndi ntchito. Mu 2012 magulu atatu anachotsa mwa mbewa jini ya Malat1, imodzi mwa lncRNA zochuluka kwambiri mu nyukiliyasi, ndipo mbewazo zinabadwa, zinakula ndi kubereka bwinobwino. Gulu la Denis Duboule ku Switzerland linapeza mu 2011 ndi mu 2016 kuti kuchotsa Hotair mwa mbewa sikusokoneza majini a HOX a pa kromozomu ina monga mmene ankayembekezera, ndipo mu 2013 Chen Davidovich ndi Thomas Cech anasonyeza kuti PRC2 imamatirira ku RNA zamitundumitundu mosasankha kwenikweni. Komabe m'chaka chomwecho gulu la Rinn linachotsa majini 18 a lncRNA mwa mbewa, ndipo atatu mwa iwo, kuphatikizapo Fendrr, atachotsedwa ana a mbewa ankafa, kusonyeza kuti ena ndi ofunikadi pa moyo.

Phunziro lalikulu linali lakuti pamalo amodzi a DNA pali zinthu zitatu zimene zingakhale ndi mphamvu, ndipo ziyenera kuyesedwa chilichonse pachokha: DNA yeniyeniyo, imene ingakhale chotsegulira cha jini yoyandikana nayo, ntchito yokopera, imene imasuntha mahistoni ndi kutsekereza jini ina pamene enzaimu ikudutsa, ndi RNA imene yatulukapo. Gulu la Barlow ku Vienna linasonyeza mu 2012 kuti Igf2r imatsekedwa chifukwa kukopera kwa Airn kumadutsa pa chiyambi chake, osati chifukwa cha RNA yotulukayo, ngakhale kuti mu nsengwa RNA yomweyo imakoka enzaimu ya G9a kukatseka jini ina yakutali. Mu 2016 Jesse Engreitz ndi Lander anayesa malo 12 a lncRNA ndipo anapeza kuti asanu amalamulira jini yoyandikana nawo, koma palibe ngakhale amodzi mwa asanuwo amene anafuna zilembo zenizeni za RNA.

Xist inapirira mayeso onsewa, ndipo mayesowo ndiwo anaulula kagwiridwe kake ka ntchito. Mu 2013 Engreitz ndi Guttman anapeza kuti RNA imeneyi siyenda motsatira ulusi kuchokera pa jini yake, koma imayamba kutera pamalo amene ali pafupi nayo chifukwa cha mmene kromozomu yapindikira, ngakhale malowo ali kutali powerenga zilembo. Mu 2015 magulu angapo, kuphatikizapo a Chang, Guttman, Lee, Wutz ndi Brockdorff, anapeza mapuloteni amene amagwira nayo ntchito, ndipo zinadziwika kuti kachigawo ka A kamagwira puloteni ya SPEN, imene imadzutsa enzaimu ya HDAC3 yochotsa acetyl pa mahistoni, pamene zigawo zina zimagwira puloteni ya hnRNPK, imene imabweretsa kagulu ka Polycomb kotchedwa PRC1, ndipo PRC2 imafika pambuyo pake. Pomaliza methyl amaikidwa pa DNA, monga Riggs anaganizira, ndipo khomo limakhomedwa. Gulu la Kathrin Plath ku Los Angeles linawerenga mu 2021 kuti mu selo muli timaulusi ta Xist pafupifupi 100 tokha, tokhala tiwiritiwiri pamalo pafupifupi 50, ndipo timatseka majini pafupifupi 1,000 posonkhanitsa mapuloteni ochuluka kuzungulira malo amenewo. Kutsekaku sikokwanira kotheratu, pakuti Laura Carrel ndi Willard anapeza mu 2005 kuti pafupifupi 15 peresenti ya majini a pa X ya munthu amapulumuka.

RNA ngati mmisiri wa malo

Njira zoyezera zigawo za DNA zimene zimakhudzana mu nyukiliyasi, makamaka ya Hi-C ya mu 2009, zinasonyeza kuti kromozomu imapindidwa m'zipinda zimene majini ndi zotsegulira zawo amakumanamo, ndipo zipinda zimenezi zinafotokozedwa mu 2012, pamene gulu la Edith Heard ku Paris linaziona pa dera lomwelo la Xist. Pa X yotsekedwa zipinda zambiri zimafafanizika ndipo kromozomu imagawika m'zigawo ziwiri zikuluzikulu. Zinadziwikanso mu 2009 kuti tinthu ta mu nyukiliyasi totchedwa paraspeckle timamangidwa pa RNA ya NEAT1 ndipo timasungunuka ikachotsedwa, zimene zinatsimikiza maganizo a gulu la Penman, limene mu 1989 linaona kuti RNA ya mu nyukiliyasi ikawonongedwa mamangidwe a kromatini amagwa.

Ofufuza a ku South Africa anaikapo njerwa yawo pa mfundo imeneyi. Mu 2019 Stephanie Fanucchi ndi Musa Mhlanga anafotokoza za lncRNA imene anaitcha UMLILO, liwu la Chizulu lotanthauza moto, imene kupindika kwa kromozomu kumaifikitsa pafupi ndi majini oyambitsa kutupa polimbana ndi matenda, ndipo iyo imabweretsa mapuloteni omata chizindikiro chotsegulira pa histoni H3 kuti majiniwo akhale okonzeka kuyaka msanga tizilombo tikalowa m'thupi.

Nzeru zimenezi zayamba kufika pa matenda a anthu. Mu 2013 gulu la Lawrence ku Massachusetts linaika XIST pa kromozomu 21 yowonjezera m'maselo a munthu wa matenda a Down okulira mu labotale, ndipo kromozomuyo inatsekedwa. Pa matenda a Angelman mwana amasowa jini yabwino ya UBE3A ya kwa mayi, pamene ya kwa bambo ilipo koma m'maselo a ubongo inatsekedwa ndi lncRNA, ndipo mu 2015 gulu la Arthur Beaudet linasonyeza mwa mbewa kuti tizidutswa topanga todula RNA imeneyo tingadzutse jini ya bamboyo, njira imene tsopano ikuyesedwa pa anthu. Mu 2024 gulu la Chang linasonyeza kuti mbewa zazimuna zopatsidwa Xist zimadwala mosavuta matenda onga lupus, amene chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake ndipo amagwira akazi kwambiri kuposa amuna.

Kuchokera pa kadontho ka Barr ndi Bertram mpaka pa kupezeka kwa XIST panapita zaka 42, ndipo kuchokera pamenepo mpaka pa kudziwika kwa mapuloteni ake panapitanso zaka 24, nthawi imene ikukumbutsa mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumeneku kunabala mfundo imodzi yolimba, yakuti mapuloteni ali ndi mphamvu yotseka ndi kutsegula koma RNA, chifukwa imabadwira pa kromozomu ndipo ingakhale pomwepo, imatha kuwauza pamene mphamvuyo ikagwire. Majini zikwi zambiri a lncRNA amene ali m'kaundula lero sangatchedwe zinyalala onse pamodzi monga zinalili mu 1972, ndiponso sangatchedwe olamulira onse pamodzi monga ena anafulumirira kunena, koma iliyonse iyenera kudutsa m'mayeso amene Xist inadutsamo, kuchotsedwa, kufupikitsidwa ndi kusamutsidwira pa kromozomu ina, kufikira zitadziwika ngati mphamvu yake ili mu DNA, m'kukopera kapena mu RNA yeniyeniyo.